Madzi ndi phulusa

Ndili mwana, amjomba anali ndi kashopu kotchajira mabatire pa Nsanama, kuseri kwa msika. Anthu a m'midzi yopanda magetsi ankabwera ndi mabatire a galimoto atamangirira pa kaliyala, n'kuwasiya m'mawa kuti adzatenge madzulo, akamvere wailesi kapena kuonera mpira. Ntchito yanga inali yotsegula tizivindikiro ndi kuthiramo madzi a batire. Chinkandidabwitsa n'chakuti batire silidontha, koma madzi ankatha. Ukatchera khutu, linkamveka kuwira chapansipansi ngati mphika wa nyemba moto ukamazilala. Ndikafunsa, amjomba ankangoti, "Likudya limenelo, lisiye."

Tsiku lina chakumadzulo kasitomala wina anafuna kuona ngati madzi akwanira, ndiye anayatsa machesi pakamwa penipeni pa batire. Kunangomveka phuu! Chivindikiro chinakagunda malata, asidi n'kumwazikira pa shati yake. Maso anapulumuka mwamwayi. Mawa lake amjomba analemba ndi khala pakhoma kuti OSASUTA MUNO, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinadzamvetsa ndili kusekondale. Batire likadzadza koma iwe n'kumalipatsabe magetsi, magetsi otsalawo amayamba kung'amba madzi. Madzi ndi mipweya iwiri yogwirana, haidrojeni ndi okosijeni, ndipo magetsi akadutsamo amailekanitsa. M'mabuku amati electrolysis. Kuwira kuja kunali mipweyayo ikuthawa, ndipo chimene chinaphulika tsiku lija chinali haidrojeni. Si zachilendo ayi: William Nicholson ndi Anthony Carlisle anachita zimenezi ku London mu 1800, batire litangotulukiridwa kumene.

Ndakumbuka zonsezi chifukwa cha mng'ono wanga. Iye amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, Nsanama, Ntaja, nthawi zina mpaka Liwonde. Inu mukudziwa mmene petulo wakhala akuvutira zaka zapitazi. Kukagwa chilala cha mafuta, amagona pamzere kapena kugula wa m'zigubu pamtengo woti ukauwerengera bwino, tsiku lonse wagwirira ntchito mavenda. Ndiye tsiku lina anabwera kunyumba nkhope ili gwaa, foni m'manja.

"Achimwene, taonani izi."

Inali vidiyo ya pa WhatsApp. Munthu wamangirira kabotolo ka madzi pa njinga, mawaya awiri kuchokera ku batire, kapaipi kulowera ku injini. Madzi akuchita thovu, njinga ikulira. Eti ukaika kachipangizoko, petulo umangothira wa dzina. Wogulitsa anali atamutumizira kale nambala yolipirira. Ndalama analibe, koma anali atanyengerera amayi kuti akamutengere ngongole ku banki m'khonde. Ndalama yomweyo amayi ankaisungira feteleza.

Amayi anandiyang'ana. "Iwe si unapita ku Chanco? Tatiuza, n'zoona?"

Kunena zoona, funso limeneli limandiopsa. Pepala langa lili mu sutikesi, ntchito sindinaipeze, ndipo amene amagula ndiwo pakhomo pano ndi wa kabaza yemweyu. Kumuuza kuti wanamizidwa si nkhani yapafupi.

M'malo mokangana, ndinatenga galasi la madzi, ndinasungunulamo soda wophikira therere, ndinasongola mapensulo awiri mbali zonse, n'kuwalumikiza ku batire la sola la amayi. Titaviika nsonga zake m'madzi, tinthovu tinayamba kutuluka, mbali imodzi tambiri kuposa inzake.

"Mwaona!" anakuwa. "Ndiye mukukana chiyani?"

Ndinamuuza kuti thovulo sindikulikana. Mbali yochulukayo ndi haidrojeni ndithu, ndipo amayaka. Vuto lili pa masamu. Kuti upeze kilogalamu imodzi ya haidrojeni pamafunika malita 9 a madzi, zomwe n'zosavuta, komanso magetsi okwana mayunitsi 50 mpaka 55, mayunitsi omwewa timagula ku ESCOM. Kilogalamu imeneyo ukaiwotcha imakubwezera mphamvu ya mayunitsi 33 okha, yofanana ndi malita pafupifupi 4 a petulo. Walowetsa 50, watulutsa 33. Ndipo awa ndi makina a m'mafakitale, osati kabotolo ka pa WhatsApp.

Tsono tiyerekeze kuti njinga yake ikutha kupatula mawati 100 kupita ku kabotoloko. Kuti ifike mayunitsi 50 iyenera kulira maola 500, masabata atatu usana ndi usiku, kuti ipange mphamvu ya malita 4. Nanga magetsi a njingayo akuchokera kuti? Ku injini. Injini ikudya chiyani? Petulo yemwe uja.

Anakhala chete, kenako anati, "Koma madziwo ali ndi haidrojeni m'kati. Mwanena nokha."

Apa ndi pamene ndinapeza mawu amene ndinkawasowa. Ndinaloza pa mafuwa pomwe amayi anaphikira m'mawa. Haidrojeni akapsa, chotsala chake ndi madzi. Ndiye kuti madzi ndi phulusa. Ndi moto umene unayaka kale n'kuzima. Phulusa sungalisonkhezere. Ukafuna kulibwezera kuti likhalenso nkhuni, uyenera kulipira mphamvu yonse imene inatuluka poyaka paja, ndi kachiwongoladzanja pamwamba.

Amayi anaseka, n'kuti, "Chikomekome cha mkuyu." Ngongole inathera pomwepo. Koma mng'ono wanga sanaseke. Ponyamula helimeti yake anandiponyera mawu amene anandisowetsa tulo: "Sukulu yanuyo, achimwene, imangodziwa kukana basi?"

Ndakhala ndikuliganizira funso limeneli, ndipo yankho langa ndi ili. Haidrojeni si munda, ndi nkhokwe. Nkhokwe silima. Imasunga zimene wakolola zikachuluka, ndipo anankafumbwe amadyako gawo lawo. Imakhala ndi phindu pokhapokha pamene uli ndi zochuluka lero zimene zikanangowonongeka, ndipo udzazifuna mawa. N'chifukwa chake maiko amene akulimbikira nkhaniyi ndi aja ali ndi dzuwa ndi mphepo zosefukira, monga Namibia. Ku South Africa, kampani ya Anglo American inaonetsa mu 2022 chigalimoto chonyamula miyala pa mgodi wa Mogalakwena choyendera haidrojeni. Koma haidrojeniyo ankapangira pansi, ndi makina akuluakulu, galimotoyo n'kumangomwetsedwa. Siinkadzipangira yokha ikuyenda.

Palinso nkhani ya feteleza, imene imatikhudza ife kuposa magalimoto. Feteleza wobereketsa uja, yuriya ndi anzake, amachokera ku amoniya, ndipo amoniya amapangidwa pophatikiza haidrojeni ndi naitrojeni wa mumpweya womwe tikupumawu. Masiku ano haidrojeni wambiri padziko amachokera ku gasi wokumba pansi, n'chifukwa chake gasi akakwera mtengo kunja, thumba limakwera pa Nsanama. Koma pafupi pompa, ku Kwekwe m'dziko la Zimbabwe, fakitale ya Sable Chemicals inayamba mu 1972 kung'amba madzi ndi magetsi a ku Kariba n'kumapanga feteleza. Inachita zimenezi zaka zoposa 40. Makinawo anazimitsidwa mu 2015 magetsi atayamba kuchepa ndi kudula. Phunziro lake ndi lomwe lija: munda ukalephera, nkhokwe imakhala chiimire yopanda kanthu.

Kwathu kuno munda wa magetsi udakali waung'ono. Timadalira Shire yemweyu wodutsa pa Liwonde, kuti akazungulitse makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anazima kamodzin'kamodzi, ndipo tonse tikukumbuka mdima wake. Dziko lotere silingatenge magetsi a pa waya n'kumang'ambira madzi. Zingakhale ngati kufulula mowa ndi chimanga cha ana.

Koma dzuwa ndi nkhani ina. Ofufuza a ku Loughborough University ku England, mogwirizana ndi bungwe la Renew'N'Able Malawi ndi ena, anasankha chipatala cha boma cha Mwanza kuti ayeserepo makina amene nditawerenga za iwo ndinaseka ndekha. Ndi batire la mtovu ndi asidi, mtundu womwe uja wa amjomba, koma lokonzedwa mwadala kuti likadzadza ndi magetsi a sola lizipitiriza kuwira. Haidrojeni wotulukayo, m'malo mothawira kudenga, amakokedwa n'kusungidwa kuti odikirira odwala aziphikira, osati nkhuni kapena makala. Chimene ife tinkachiona ngati vuto la batire, iwo achisandutsa zokolola.

Nditawauza amjomba, amene tsopano anakalamba ndipo shopu anatseka kalekale, anapukusa mutu. "Ndiye kuti zaka zonse zija ndinkataya moto?" Ndinati inde, koma wochepa kwambiri, wosapsetsa ngakhale tiyi. Sanamve mbali yachiwiriyo. Mpaka lero amauza anzawo pa bawo kuti anali ndi fakitale osadziwa.

Dzulo masana ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana kabokosi koyendetsa sola ya amayi. Isanakwane 12 koloko kanali katayatsa kale kagetsi kobiriwira, kusonyeza kuti batire ladzadza. Kuyambira pamenepo mpaka madzulo, dzuwa lonse la Machinga limangowotcha malata. Pansi pa denga lomwelo amayi anali atagwada, akuuzira moto wa nkhuni zaziwisi, maso ali psuu ndi utsi. Panelo imodzi singawaphikire nsima, masamu ake ndawachita. Koma denga la sukulu, la chipatala, la chigayo, onse pamodzi masana aliwonse, pamenepo pali chokolola chimene palibe akuchitola. Ngati sukulu yanga ili ndi inde woti inene, ali pamenepo.

Mng'ono wanga sindinamuuzebe zimenezi. Lero anadzuka 4 koloko m'bandakucha, wamva kuti thanki yafika ku Liwonde. Ndinamumva akukankha njinga mpaka kumsewu asanailize, kuopa kudzutsa amayi. Galasi lija ndi mapensulo ake ndinazipeza pawindo la kuchipinda kwake. Madzi anali atatsika pang'ono.