Masiku Atatu ku Chembe ndi Funso la Mwana



Ife a ku Chikweo madzi si achilendo kwa ife, pakuti nyanja ya Chiuta tili nayo pakhomo ndipo matemba ake ndiwo adatilera. Koma ana athu ambiri adali asanaiponyepo diso nyanja ya Malawi, amangoimva m'kalasi. Tsiku lina titangomaliza Swala ya Isha, agogo aamuna, amene maso awo adayamba kuchita khungu, adati: "Ndisanaleke kuona, adzukulu angawa ndikawaonetse njira imene makolo awo adadutsa." Mawu a akulu akoma akagonera, motero mabanja atatu a mbumba imodzi tidagwirizana kuti tikakolola mpunga ndi nandolo, banja lililonse lipatule kangachepe.

Nkhani yovuta idali ya kogona. Hotela sitikadaikwanitsa, komanso tidali ndi nkhawa ndi chakudya, poti nyama ya kumeneko sungadziwe amene wazinga. Amalume, omwe adachitapo geni ya usipa ku Monkey Bay, ndiwo adatiuza kuti ku Chembe, komwe azungu amati Cape Maclear, kuli malo ena kumene alendo amakhoma matenti, ndipo pambali pake pali tinyumba tofolera ndi udzu tobwereketsa. Tidaimba foni kudakali mwezi wathunthu n'kufunsa zinthu zinayi: ngati amalola kudziphikira, ngati madzi ndi chimbudzi zili pafupi, ngati muli masikito a udzudzu, ndiponso ngati tinyumbato tili kutali ndi pogulitsira mowa. Tidasungitsa tiwiri, kena ka amayi ndi atsikana, kena ka abambo ndi anyamata.

Tidanyamuka m'mamawa titaswali Fajr, pa minibasi ya hayala, titalongeza ufa, mpunga, mbaula, thumba la makala, mabirika a wudhu, miswala ndi nkhuku zitatu zamoyo. Titalowa msewu wa tala wa Bakili Muluzi tidadzera ku Namwera. Kumeneko agogo adauza ana kuti dera limenelo ndi la Mfumu Jalasi, imene idakana kugonjera atsamunda mpaka asilikali a Harry Johnston adaigonjetsa pa phiri la Mangochi m'chaka cha 1895, ndipo pambuyo pake adamangapo linga lotchedwa Fort Mangochi.

Titatsika mapiri a Chowe n'kuwoloka mtsinje wa Shire, tidaima pa boma la Mangochi, lomwe nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho pali chipilala cha wotchi chimene chidamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pomwepo pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 idakaphwanya sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pagombe, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyambika. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Anyamata adakondwa ndi mfutiyo, koma amayi adaima nthawi yaitali pa chikumbutso cha omirawo. Kenaka tidalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, ndipo m'menemo ana adamva za malonda a ukapolo.

Ku Chembe tidafika dzuwa litapendeka. Apa m'pomwe mtima udatsala pang'ono kutuluka, chifukwa tinyumba tomwe adatipatsa tidali moyang'anana ndi pamene anthu amamwera mowa, wailesi ili pokopoko. Ena mwa ife adati tibwerere. Koma amalume adalankhula ndi mwini malo mwaulemu, kumukumbutsa zimene tidagwirizana, ndipo iye adapepesa n'kutisamutsira kumapeto kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mlambe. Tidasesa pamchenga, tidafunsa mnyamata wina wa Chisilamu wogwira ntchito pamalopo kumene kuli Qibla, ndipo tidaswali mofupikitsa monga aloledwera a paulendo.

Usiku umenewo, tikudya mpunga ndi kampango amene tidagula kwa asodzi, mtsikana wathu wa sitandade 7 adafunsa funso lomwe lidatiziziritsa tonse: "Agogo, kodi n'zoona kuti makolo athu ankagulitsa anthu?" Amayi ake adafuna kumuletsa, koma agogo adakweza dzanja.

Adamuyankha kuti n'zoona. Adati mafumu ena a Chiyao, monga Makanjira ndi Mponda, adalemera ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, omwe ankawayendetsa ulendo wa miyezi kukafika ku Kilwa, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Adatinso Chisilamu chidafika kuno kudzera m'njira yomweyo ya amalonda a kugombe, ndipo chifukwa cha ichi anthu ena amasakaniza ziwirizi. "Koma mdzukulu wanga," adatero, "tchimo la wamalonda si lamulo la Allah. Amene ankaitana anthu ku Swala m'nthawi ya Mtumiki (SAW) adali Bilal, kapolo amene Abu Bakr adamuwombola. Kumasula kapolo ndi ntchito ya malipiro aakulu m'chipembedzo chathu." Adaonjeza kuti nawonso azungu amene adathetsa ukapolo adadza ndi msonkho wa nyumba ndi thangata, choncho mbiri isamvedwe ndi khutu limodzi. Palibe mwana amene adagona msanga usiku umenewo, ndipo ife makolo tidachita manyazi kuti nkhani yotere tidali tisanaikambepo pakhomo.

M'mawa mwake tidalipira pachipata cha Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse mu 1984, makamaka kaamba ka tinsomba ta mbuna. Chapafupi pali manda a amishoni a Livingstonia. Iwowa adafika pa sitima ya Ilala mu Okutobala 1875, ndipo amene adawalola kukhala adali Mfumu Mponda. Malungo adawasautsa kotero kuti mu 1881 adasamukira ku Bandawe. Mwa ogona pamenepo muli Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku South Africa, onse omwalira mu 1877. Agogo adauza ana kuti aime mwachete. Adati ngakhale anthuwa sadali a chipembedzo chathu, adafera kutali ndi amayi awo, ndipo manda alionse amakumbutsa wamoyo za ulendo wake.

Masana anyamata adakwera bwato kukaona mbuna, pamene amayi ndi atsikana adapeza kagombe kobisika n'kusewera ndi madzi atavala modzilemekeza. Titabwerera kwathu tidapita tonse kuchipatala kukapimitsa likodzo, pakuti matendawa amapezeka m'madzi a ku Chembe, ndipo banja lililonse lopita kumeneko lisanyozere zimenezi.

Kwa mabanja amene mukulingalira ulendo wotere, funsani zonse musanapereke ndalama, nyamulani zophikira zanu, pewani masiku a Khirisimasi ndi Pasaka pamene gombe limadzaza, ndipo musasiye okalamba kunyumba poganiza kuti adzakuchedwetsani. Ife tikadawasiya agogo, funso la mwana uja likadayankhidwa ndi anthu ena, kapena silikadayankhidwa konse.

Lero maso a agogo adatsekeka ndithu, koma madzulo adzukulu amakhala nawo pakhonde n'kumawafunsa za Jalasi, za Kilwa ndi za mashehe oyamba. Alhamdulillah. Ndalama ya mpunga wa chaka chino tayamba kale kupatula, ndipo Insha Allah ulendo wotsatira ndi wa ku Nkhotakota, kwa Jumbe.