Diso Lopanda Miyendo

Usiku wina m'dzinja lapitali mbala zidathyola chitseko cha sakristiya pa parishi yathu kuno ku Machinga, nkutenga batire la sola pamodzi ndi makina okuzira mau. Mlonda wathu, mkulu wachiyao amene amapemphera ku mzikiti koma watilondera mokhulupirika zaka zambiri, adali atabisala mvula pakhonde la nyumba ya ansembe. Palibe amene adamdzudzula poyera, komabe pamsonkhano wa bungwe la parishi maganizo adagwirizana kuti tigule kamera. Itafika nyengo yokolola, akhristu a m'miphakati adasonkha, ena ndalama, ena chimanga, ena mpunga, ndipo katoni idafika kuchokera ku Blantyre.

M'katonimo mudali kamera ndi kabokosi koyera ka nyanga ziŵiri kotchedwa rauta. Ku seminale tidaphunzira Chilatini ndi malamulo a Mpingo, koma za kabokosi kotere sadatiphunzitse. Choncho tidaitana mnyamata wa m'kwaya amene amakonza mafoni pa Liwonde. Iye adatifotokozera kuti kamera imangoona, payokha siingauze munthu zimene yaona. Rauta ndiyo mthenga: imalandira zithunzi kuchokera ku kamera popanda waya, nkuzitumiza pa intaneti kudzera m'kakhadi ka foni, ka TNM kapena ka Airtel, mpaka zifike m'manja mwa munthu amene ali kutali.

Ntchitoyi idatidyera Loŵeruka lathunthu. Poyamba tidaika rauta mu ofesi, koma kamera siidamve kanthu, pakuti makoma a njerwa zootcha ndi okhuthala. Tidaphunziranso kuti rauta imalankhula pa mafunde a mitundu iŵiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Achiŵiriŵa ndi aliŵiro koma safika patali, ndipo kamera yathu, monga zambiri zotsika mtengo, imamva oyambawo okha. Tidaisunthira pazenera loyang'ana ku tchalitchi ndi kuilumikiza ku batire kuti magetsi akathima nayonso isathime.

Kunsi kwa rauta kudamatidwa kapepala kolembapo dzina ndi mau achinsinsi ochokera ku fakitale. Ife tidafuna kuŵasiya momwemo popeza ndi osavuta kukumbukira, koma mnyamatayo adakana. "Abambo," adatero, "kumeneko nkukhoma chitseko nkusiya kiyi pomwepo." Adanena zoona. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai idaloŵa m'makamera ndi m'marauta zikwizikwi pa dziko lonse poyesa mau achinsinsi a ku fakitale pafupifupi 60 okha, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zidasokoneza Twitter ndi Netflix ku America. Eni ake ankagona mtima uli m'malo, osadziŵa kuti mlonda amene adagula akutumikira mbala. Tidasintha mauwo, ndipo amaŵadziŵa ndi anthu atatu okha.

Padatsala funso lina lolemera: diso limeneli liyang'ane kuti? Ena ankafuna kuti liziona ndi m'kati mwa tchalitchi momwe. Koma kamerayi imamvanso mau, ndipo m'menemo ndi mmene akhristu amagwada kulapa machimo ao. Lamulo la Mpingo la nambala 983 sililola kuti chinsinsi cha kulapa chiululidwe mwa njira ina iliyonse. Nalonso dziko lathu lidakhazikitsa mu 2024 lamulo loteteza mbiri ya munthu kuti isatoleredwe mwachisawawa. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Inter Mirifica cha 1963, udayamika zipangizo zofalitsira mauthenga, koma udachenjeza kuti zikagwiritsidwa ntchito molakwika zimapweteka anthu. Tidaloza kamera kuchitseko cha sakristiya chokha, ndi kukhoma chikwangwani chodziŵitsa aliyense wodutsa.

Dzuŵa likuloŵa, chithunzi chidatuluka pa foni. Tidaombera m'manja ngati ana. Pachithunzipo padali mlonda wathu, ataima ndi chibonga ndi tochi yake. Tidamuitana kuti adzadzione. Adayang'anitsitsa nthaŵi yaitali, kenaka adafunsa motsitsa mau: "Abambo, ndiye kuti ine ntchito yatha?" Manyazi adatigwira. Tidakambirana za mafunde ndi za mau achinsinsi tsiku lonse, koma pa miyezi yonse ija palibe amene adakhala pansi ndi mkuluyu kumuuza cholinga chathu. Tisanayankhe adafunsanso: "Nanga kakaona mbala, kathamangitsa ndi miyendo iti?"

Yankho la funso lakelo tili nalo pafupi. Ku nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015, njovu zina zimavekedwa makolala otumiza uthenga wa kumene zili. Koma njovu ikathyola mpanda nkuloŵa m'minda ya anthu, kolala silibweza njovuyo. Amaibweza ndi alonda amene amasiya tulo nkukwera galimoto usiku. Chipangizo chimangouza munthu, wodzuka ndi munthu yemweyo.

Tidapepesa kwa mkulu uja. Ndalama zotsala tidamgulira foni ndi jasi la mvula, zinthu zimene tikadamgulira kale mwina chitseko chija sichikadathyoledwa.

Patapita milungu itatu, foni yathu idalira pakati pa usiku: kamera idaona munthu pachitseko cha sakristiya. Mtima udagunda, tidaimbira mlonda. Posakhalitsa tidamuona pachithunzi akuyandikira, chibonga m'mwamba. Kenaka chibonga chidatsika. Adavula jasi lake nafunditsa munthuyo. Adali mwana wa zaka ngati khumi, amene adathaŵa kwao bambo wake atabwera ataledzera. Kamera idaona munthu wokayikitsa, koma mlonda adazindikira mwana wa m'mudzi mwake, dzina lake ndi la amai ake omwe. M'maŵa mwake a mphakati wa kumeneko adakayendera banjalo pamodzi ndi mfumu ya m'mudzi.

Abale okondedwa, masiku ano maso tili nao ambiri. Timaona pa foni madzi osefukira ku Chikwawa ndi nkhondo za kutali. Timaonanso ndi maso athu enieni mai wamasiye amene denga lake likudontha, ndi mwana wa mnansi amene wasiya sukulu mwakachetechete. Kuona sikusoŵa pakati pathu. Chimene chimaduka kaŵirikaŵiri ndi njira yochokera kumaso kupita kumtima, ndi yochokera kumtima kupita kumiyendo. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Ambuye sadzatifunsa kuchuluka kwa zimene tidaona, koma kuti titaona tidadzuka kangati.

Rauta ija ikadali pazenera, timagetsi take tikuphethira usiku wonse. Tikamazima nyali kuti tikagone timamva mapazi a mlonda wathu akuzungulira tchalitchi, ndipo timampempherera, iye ndi banja lake.