Ana a Kunyanja pa Dziwe la Nkhalamba

Ife a kunyanja timadziyesa odziwa madzi. Ana athu amaphunzira kusambira asanadziwe kulemba dzina lawo, ndipo mwera ukamawomba amauzindikira poona mtundu wa mafunde. Ndi mtima umenewo tinanyamuka ku Mangochi mwezi wa Okutobala, tinagona kwa abale pa Chitakale, m'mawa mwake n'kulunjika ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje.

Pa ofesi ya zankhalango tinapeza mnyamata wotiperekeza. Njira yopita ku Dziwe la Nkhalamba si yaitali, koma kwa mapazi ozolowera mchenga inali chitunda chosatha. Anganga ankapuma pamthunzi uliwonse, uku wotiperekezayo akuwafotokozera kuti nkhalangoyi inakhala yotetezedwa mu 1927, ndipo nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ili kutali m'katikati mwa phiri.

Tisanafike pamathithi, ana anapeza timaiwe m'mapako a miyala. Anagwada n'kuyamba kusuzumira. Munalibe usipa kapena mbuna. Munali mbululu zakuda, nkhanu yobisala pansi pa mwala, ndi atombolombo akuuluka pamwamba. Wamng'ono anatola botolo kuti atengere mbululu kwathu, koma anganga anamufunsa kuti, "Kodi amayi ake ukawauza chiyani?" Anazibwezera yekha.

Titafika padziwe lenilenilo, mwana wathu wachisamba, wa zaka 13, anavula malaya n'kukwera pathanthwe. Iyeyu amasambira mpaka kumene asodzi amaponya chilimira, choncho ife sitinatekeseke. Wotiperekeza ndiye anamugwira mkono.

"Bambo, muuzeni atsike kaye," anatero akuyang'ana ife. "Madzi ano si a kwanu."

Kunena zoona, zinatiwawa. Munthu wa kumtunda angaphunzitse mwana wa msodzi za madzi? Koma iye anafotokoza modekha. Nyanja imazama pang'onopang'ono, pomwe dziweli limayamba ndi phompho. Madzi ake ndi ozizira kwambiri moti amaumitsa minofu mwadzidzidzi, ndipo pamene mathithi amagwera amakankhira munthu pansi. Komanso mvula ikagwa pamwamba pa phiri, mtsinje umadzaza ngakhale pansi pano dzuwa likuswa mtengo. Anatchula namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagumula miyala ndi matope m'phirili n'kupha anthu ambiri ku Mulanje ndi Phalombe. Pamenepo tinakhala chete.

Mnyamata wathu anatsika nkhope ili gwa. Analowa cham'mbali, madzi olekeza m'chiuno, ndipo posakhalitsa anatuluka mano akugundana. Sanayankhule kanthu, koma pa chakudya tinamuona akupatsa wotiperekeza uja chidutswa chachikulu cha chambo chouma chimene tinabwera nacho.

Pobwerera tinauza ana kuti mtsinje wa Ruo, wochokera m'phiri lomweli, umakathira mu Shire ku Chiromo, ndipo Shire ndi madzi a nyanja yathu. Wachisamba uja anafunsa ngati madzi a Ruo amafika kumeneko akadali ozizira. Tinamuyankha kuti chaka chamawa tidzapita kukawakhudza, ndipo tikadzafika tidzayamba tafunsa eni dera pamene munthu angaponde.