Padoko la Richards Bay, Pamene Okalamba Amadikira Mphepo

Kwatsala zaka ziwiri kuti ndipume pa ntchito. Ndakhala ndikukonza mainjini a dizilo mu mzinda wa Durban kwa zaka 26, ndipo anzanga amene tinabwera nawo kuno ku Joni onse ali ndi ganizo limodzi: akadzalandira za penshoni akamalize nyumba kumudzi, agule chigayo kapena ng'ombe, basi azilera zidzukulu. Langa ndi lina, ndipo ndikalitchula anthu amayamba aseka kaye. Ndikufuna kugula ngalawa ya matanga, tisamukiremo ndi mayi akunyumba, tiziyenda m'madoko a maiko a eni mpaka mphamvu zitatithera.

Musafulumire kundiweruza, owerenga. Ndine mwana wa ku Nkhotakota, ndinakulira pamchenga, ndipo ndinadziwa kugwira nkhafi ndisanadziwe kugwira pensulo. Agogo ankatisimbira za Kilwa ndi Zanzibar, kumene kunkathera njira ya amalonda a nthawi ya Jumbe, njira imene inadutsa minyanga ya njovu komanso anthu ogwidwa ukapolo. Chiyambire ubwana ndakhala ndikulakalaka kudzaona malo amenewo ndikuchokera pamadzi.

Mayi akunyumba atamva za ganizoli anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo," anatero, "nyumba ya kumudzi ilibe denga, inu mukufuna kugula ina yoyandama?" Ndinasowa choyankha. Tsono poti safunsa anadya phula, mu Novembala 2024 ndinatenga tchuthi cha masiku anayi n'kupita ku Richards Bay kukaonana ndi anthu amene moyo umenewu akuukhala kale.

Richards Bay ili pafupifupi makilomita 180 kumpoto kwa Durban. Msewu wa N2 umadutsa m'minda ya nzimbe ndi m'nkhalango za bulugamu zosaoneka mathero. Tauniyi si yokopa maso. Doko lake linatsegulidwa mu 1976 makamaka chifukwa cha malasha, ndipo ukaima pagombe umaona sitima zikuluzikulu zitaponya anangula kunja kwa doko, kudikira nthawi yawo yopakira. Koma pakona ina ya doko lomwelo, malo otchedwa Tuzi Gazi ndi ku Zululand Yacht Club, pali milongoti yambirimbiri yoima ngati nsungwi. Zingwe zimaomba pa milongotiyo usana ndi usiku, ngwe ngwe ngwe, ndipo apusi amayendayenda m'mitengo kudikira mlendo woiwala nthochi poyera. Kumbuyo kwa ngalawa iliyonse kuli mbendera ya kwawo: France, Germany, Canada, Australia, Sweden. Ndipo eni ake ambiri ndi aimvi.

Sanafike m'mwezi umodzi mwangozi. Nyengo ya anamondwe m'chigawo chino cha nyanja ya Indian Ocean imayamba mu Novembala mpaka Epulo, motero aliyense wochokera ku Madagascar, Mauritius kapena Réunion amayesetsa kuti akhale atafika ku South Africa nyengoyo isanakhwime. Ife a ku Malawi anamondwe amenewa sitichita kuuzidwa. Idai anagwetsa mzinda wa Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy anatilanda abale oposa 1,000 mu Malichi 2023. Ichi ndicho chinthu choyamba chimene ndinaphunzira padoko paja: ine ndinkaganiza kuti munthu wa pangalawa amanyamuka tsiku limene mtima wake wafuna, koma kalendala yake amamulembera ndi mphepo. Ndinakumbuka asodzi akwathu m'miyezi ya Mwera, atakhala pansi pa mtengo kusoka maukonde, bwato lili pamtunda, maso ali kunyanja.

Tsiku lachiwiri bambo wina wa ku Netherlands anandiona ndikusuzumira injini yake imene anali ataimasula, ndipo nditamuuza ntchito yanga nkhope yake inawala ngati waona mbale wake. Vuto linali laling'ono, mpweya unalowa m'mapaipi a dizilo. Titamaliza anandiitanira tiyi m'kati. Iye anali mphunzitsi, mkazi wake namwino, onse opuma pa ntchito, ndipo anagulitsa nyumba yawo kuti agule ngalawayi.

Kunja ngalawa ya mamita 12 imaoneka yaikulu. M'kati ndi nkhani ina. Chipinda chochezera n'chocheperapo kuposa khitchini ya kumudzi, ndipo pansi pa mpando uliwonse pali mpunga, zitini, zingwe ndi masipanala. Chitofu n'chopachikidwa mwakuti chimapendekeka pamodzi ndi mafunde kuti poto asagwe. Magetsi amachokera ku dzuwa. Madzi akumwa amasefa a m'nyanja ndi makina, ndipo mayiwo anaseka pondiuza kuti makinawo akafa kusamba kumasanduka nkhani ya kapu imodzi. Ngalawa yotere imayenda liwiro la njinga yakapalasa, mwina makilomita 10 pa ola, koma siima. Kuchokera ku Réunion iwo anatha masiku 11 osaona mtunda.

Apa ndi pamene ndinafunsa funso la mwana: nanga usiku mumagona pati? Anayang'anana n'kumwetulira. Pakati pa nyanja palibe poponya nangula. Wina akagona, wina amakhala panja kuyang'anira sitima zina ndi kusintha kwa mphepo, ndipo amalandirana maola atatu aliwonse, usiku wonse, masiku onse a ulendo. Wokhala panjayo amadzimangirira ndi lamba ku ngalawa, chifukwa akagwera m'madzi mnzake ali mtulo, podzuka adzakhala ali kutali kosaoneka. Tsono mayi uja anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa ngati akazi anga amaikonda nyanja. Anati aona mabanja ambiri akugulitsa ngalawa pa mtengo wolira chifukwa loto linali la mwamuna yekha. Mawu amenewo anandilasa, pakuti mayi akunyumba ngakhale Ilala amakwera akudandaula.

Za ndalama bamboyo sanabise. Amalinyero ali ndi kawerengedwe kawo kakuti chaka chilichonse ngalawa imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo umene unaigulira. Mchere umadya chitsulo, dzuwa limadya matanga, tizilombo ta m'nyanja timamera kunsi kwake mwakuti pamafunika kuitulutsa m'madzi n'kuipaka penti wapadera. Onjezanipo inshuwalansi, ndalama za padoko, ndi za chipatala m'dziko la eni. Iye anali ndi matenda othamanga magazi, ndipo mapiritsi ake a miyezi isanu ndi umodzi anali m'kabokosi kosalowa madzi pafupi ndi mapasipoti. Walira mvula walira matope. Chokhacho chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti zambiri zimene ena amalipira amisiri ine ndingathe kuchita ndi manja angawa.

Nkhani ya pasipoti inandipweteka mwa mtundu wina. Ngalawa ikafika m'dziko lachilendo imakweza kambendera kachikasu kusonyeza kuti ikudikira akuluakulu oona za olowa ndi otuluka. Kwa anzanga a ku Ulaya aja, zilumba za Réunion ndi Mayotte ndi France yemwe, amangolowa ngati kwawo. Ine ndi pasipoti ya Malawi ndiyenera kupempha viza ndisananyamuke, n'kutchula masiku ofika ndi ochoka, pamene mphepo siisamala za tsiku lolembedwa pa pepala.

Madzulo aliwonse okalambawa amasonkhana pamthunzi, aliyense foni m'manja, nkhani ili imodzi: mphepo itembenuka liti? M'mbali mwa gombe lino mumayenda mtsinje wamphamvu wa m'nyanja wotchedwa Agulhas, wolowera kummwera. Mphepo ikamaomba mbali imodzi ndi mtsinjewo, ngalawa imathamanga mokondweretsa. Koma ikatembenuka n'kuchokera kummwera chakumadzulo, imalimbana ndi madziwo, ndipo pamadzuka mafunde oima ngati khoma amene aonongapo ngakhale sitima zazikulu. Kuchokera ku Durban kukafika ku East London ndi mtunda woposa makilomita 450 wopanda doko lothawiramo. Choncho munthu amadikira mpata wa masiku awiri kapena atatu a mphepo yabwino, ndipo ena anali atadikira masabata awiri. Ndinaona mkulu wina wa ku Canada atamasula zingwe m'mamawa, anzake akumubayibitsa, koma pofika masana anali atabwerera pamalo pake pomwepo. Palibe anamuseka.

Ndinawafunsa chifukwa chimene amazungulira kuno m'malo modzera ku Red Sea ndi Suez, njira yaifupi yopita ku Ulaya. Anandikumbutsa za Paul ndi Rachel Chandler, banja la ku Britain lopuma pa ntchito, limene linagwidwa ndi achifwamba a ku Somalia pafupi ndi Seychelles mu Okutobala 2009 n'kumasulidwa mu Novembala 2010. Kuyambira kumapeto kwa 2023 sitima zinayambanso kuomberedwa pafupi ndi Yemen. Ndipo njira yanga yopita ku Kilwa imadutsa m'mbali mwa Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene nkhondo inabuka mu 2017. Pamapu anga a kunyumba ndinali nditangojambula mzere woongoka ndi pensulo.

Pokwera basi yobwerera ndinkaganiza za Joshua Slocum, munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi yekha pa ngalawa ya matanga, kuyambira 1895 mpaka 1898. Ananyamuka ali ndi zaka 51 ndipo anaima pa Durban mu 1897. Koma iye anali atakhala panyanja moyo wake wonse. Ine ndimadziwa bwato ndi injini, thanga sindinaligwirepo.

Patangotha mwezi umodzi, pa 14 Disembala 2024, namondwe Chido anasakaza chilumba cha Mayotte, chimodzi mwa malo amene ndinalemba pa mndandanda wanga. Tinaonera limodzi pa wailesi yakanema, ndipo mayi akunyumba sananene kanthu, anangondipatsira tiyi.

Tinakambirana usiku womwewo mpaka mochedwa. Tagwirizana kuti malata a nyumba ya ku Nkhotakota agulidwe kaye, ndipo ndalama ya denga isakhudzidwe zivute zitani. Ine ndalembetsa maphunziro oyendetsa ngalawa ya matanga padoko la Durban Loweruka lililonse, pakuti kuno woyendetsa ngalawa yaikulu amafunika setifiketi. Mphunzitsi wanga ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, ndipo amandibwezabweza pa kamangidwe ka mfundo za chingwe mopanda chisoni. Mayi akunyumba avomera kudzakwera nawo tsiku limodzi, tituluke kunja kwa doko kufikira mzinda utaoneka pang'ono. Anena kuti akasanza kawiri nkhani yatha, akasanza kamodzi tidzakambirananso.