Kompyuta Ikasowa Woifunsa Njira



Kuno ku Chigwa cha Shire nyumba zambiri zilibe manambala. Mlendo akatsika minibasi pa Bangula kapena pa Ngabu amangotchula dzina la munthu, ndipo wakabaza amene ali pasiteji amasandutsa dzinalo kukhala njira: mudutse msika, mukhotere kumanzere pa mlambe, nyumba yachitatu ndi yomweyo. Wakabazayo akapanda kumudziwa munthuyo amafunsa mnzake, mnzakeyo n'kulozera kwa a nyakwawa. Kompyuta nazo zili ndi vuto lofanana ndi la mlendoyu. Pa intaneti makina aliwonse amadziwika ndi nambala, koma ife anthu timasunga mayina. Tikalemba must.ac.mw pofuna tsamba la yunivesite ija ya ku Thyolo, kompyuta siyingasunthe mpaka wina aiuze nambala imene ili kuseri kwa dzinalo. Dongosolo lofunsira mayinali limatchedwa DNS.

Nkhaniyi taisankha chifukwa cha zimene timaona m'kachipinda kathu ka kompyuta. Makina athu ndi akale, opatsidwa, ndipo tinaikamo Linux chifukwa ndi yaulere komanso siyilemetsa makina otopa. Nthawi ya zotsatira za mayeso a MSCE, kapena pamene anzathu akulembetsa malo m'mayunivesite a boma, chipindacho chimadzaza. Ndiye pamabwera tsiku limene tsamba lililonse limakana kutseguka, ngakhale bandulo yagulidwa m'mawa womwewo. Mtsikana amene walipira bwato ndi kabaza kuchokera kutsidya kwa Shire amabwerera osachita kanthu. Wina amagula bandulo yachiwiri poganiza kuti yoyamba yadyedwa. Ndalama zimenezi n'zochokera m'thonje ndi chitowe cha makolo, ndipo nthawi zambiri zimapita pachabe, pakuti intaneti imakhala ilipo. Chimene chasowa ndi woti aiuze kompyuta njira.

Kusiyanitsa mavuto awiriwa sikufuna katswiri wa ku Blantyre. Tsegulani Terminal ndi kulemba ping 8.8.8.8. Apa mwaipatsa kompyuta nambala, choncho siyifunsa aliyense. Kenaka lembani ping google.com. Zonse ziwiri zikakana, msewu ndi umene waduka: onani bandulo, chingwe kapena rauta. Koma nambala ikayankha, dzina n'kubweza mawu akuti “Temporary failure in name resolution”, musagule kanthu. Msewu uli bwino. Pasiteji ndi pamene palibe munthu.

Pachiyambi panalibe siteji n'komwe. M'zaka za m'ma 1970, pamene makina olumikizana pa ARPANET ku America anali ochepa, mayina onse ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT. Ankaisunga mayi Elizabeth Feinler ndi gulu lawo ku SRI, ku California. Wofuna kuti makina ake adziwike ankaimba foni kapena kutumiza uthenga kumeneko, ndipo ena onse ankakopera fayiloyo nthawi ndi nthawi. Makina atachuluka, kaundula mmodzi analephera, monga mmene angalepherere mlembi mmodzi kulemba ana onse obadwa kuyambira ku Marka mpaka ku Chitipa. Mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS, ndipo nzeru yake ndi imene ife a m'Chigwa timaidziwa kale. Mfumu yaikulu Lundu siyidziwa khomo lililonse, koma imadziwa mfumu ya dera lililonse. Mfumuyo imadziwa magulupu ake, gulupu amadziwa anyakwawa, ndipo nyakwawa ndi amene amaloza nyumba. Momwemonso pamwamba pa DNS pali maseva a mizu, odziwika ndi zilembo 13 kuyambira A mpaka M, ngakhale makina enieni ogwira ntchitoyi ndi oposa 1,000 padziko lonse. Ukawafunsa za must.ac.mw amangokuuza kumene kuli osunga .mw, dzina la dziko lathu limene kwa zaka zambiri lakhala m'manja mwa Malawi SDNP. Funso limatsika choncho mpaka lifike kwa mwini dzina.

Kompyuta yathu siyiyenda yokha ulendo wonsewu. Imatuma mthenga, ndipo pa Linux zonse zokhudza kutumaku zili m'mafayilo atatu ang'onoang'ono, amene aliyense wodziwa kuwerenga angawatsegule.

Yoyamba ndi /etc/hosts, mdzukulu weniweni wa fayilo ya mayi Feinler. Mzere uliwonse uli ndi nambala, kenaka dzina. Makina amodzi angakhale ndi mayina awiri pamzere umodzi, monga Nsanje imene atsamunda ankaitcha Port Herald malo ali omwewo. Fayiloyi imakopa anthu chifukwa ndi yosavuta. Tsamba likavuta, wina amafufuza nambala yake, n'kuilemba m'menemo ndi manja, tsamba n'kutseguka, onse n'kumuombera m'manja. Ife timaikayikira njira imeneyi, ndipo chifukwa chake tinachiphunzira kwa madzi. Mu Januwale 2015, komanso mu Malichi 2023 pamene namondwe Freddy anawomba, mabanja ambiri anasamuka kuchoka m'madambo kupita kumtunda. Mudzi ukasamuka umapita ndi dzina lake. Mlendo amene akudalira kakalata kakale ka m'thumba adzafika pamalo oyenera malinga ndi kakalatako, n'kupeza mchenga ndi bango. Masamba a pa intaneti amasamuka kawirikawiri kuposa midzi. N'chifukwa chake yankho lililonse la DNS limabwera ndi nthawi yake yothera, mwina mphindi zisanu, mwina tsiku lathunthu, kenaka kompyuta imafunsanso. Chimene chalembedwa m'fayilo ya hosts chilibe nthawi yothera. Chimangokhala momwemo, wolembayo atapita kale kukagwira ntchito ku Nchalo, mpaka tsiku limene tsamba limodzi lokha likana kutseguka pa kompyuta imodzi yokha, aliyense n'kumadabwa.

Yachiwiri, /etc/nsswitch.conf, tiidutsa msanga. Muli mzere woyamba ndi mawu akuti hosts, ndipo umangonena dongosolo la kufunsa. Mawu akuti files akakhala patsogolo pa dns, kompyuta imayamba yaona kakalata ka m'thumba isanapite pasiteji. N'chifukwa chake cholakwika cha m'fayilo ya hosts chimaposa yankho loona la kunja.

Yachitatu ndi /etc/resolv.conf, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mzere wofunika ndi woyamba ndi nameserver, kutsatiridwa ndi nambala ya makina oti azifunsidwa. Mungalembe mizere yotere yambiri, koma itatu yoyambirira yokha ndi imene imawerengedwa. Kompyuta imafunsa woyamba, ndipo akakhala chete imadikira masekondi 5 isanapite kwa wachiwiri. Masekondi 5 akuoneka ochepa, koma tsamba limodzi limatha kufuna mayina khumi kapena kupitirira, lililonse ndi kudikira kwake. Zimene timazitcha kuti “netiweki ikuchedwa” nthawi zina zimakhala kompyuta yaulemu ikudikira yankho kwa mthenga amene anasamuka kalekale. Mzerewu ukasowa, kapena onse olembedwamo akakhala chete, ndi pamene timaona mawu a Chingerezi aja.

Wina anganene kuti basi, titsegule fayiloyo, tilembe nambala yabwino, tasunga. Zimathekadi, mpaka kompyuta itazima ndi kuyakanso. Pa makina a masiku ano fayiloyi ili ndi mwini wake. Mukalumikiza kompyuta ku foni kapena ku rauta, rautayo imaipatsa nambala yake pamodzi ndi ya mthenga, ndipo pulogalamu yoyang'anira netiweki imalembanso fayiloyo mwatsopano. Pa Ubuntu ya 2018 ndi zotsatira zake mupezamo nameserver 127.0.0.53. Nambala imeneyi siyili kutali kulikonse. Ndi ya kompyuta yomweyo, pamene pamakhala kapulogalamu kotchedwa systemd-resolved, kamene kamalandira mafunso ndi kuwapititsa kunja. Pamwamba pa fayiloyo pamalembedwa chenjezo loti isasinthidwe, koma ndani amawerenga chenjezo pamene mzere wa anthu wafika pakhomo? M'mayiko amene kompyuta imatha miyezi osazima, munthu angachedwe kuzindikira kuti zimene analemba n'zosakhalitsa. Ife timazindikira msanga. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023, ndipo makina athu ankazima ndi kuyaka kangapo patsiku. Chokonzedwa m'mawa chinkakhala chitafufutika pofika masana.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pa Ubuntu ya masiku ano, lembani resolvectl status ndipo kompyuta ikuuzani yokha amene ikumufunsa pa kulumikizana kulikonse. Mukafuna kusintha, sinthani pamene mwini fayilo amawerenga: m'zokonzera za netiweki, pagawo la IPv4, pamene mungazimitse DNS yobwera yokha ndi kulemba yanu, kapena m'fayilo ya /etc/systemd/resolved.conf, pamzere wa DNS=. Zolembedwa pamenepo zimapirira kuthima kwa magetsi. Pali malangizo ofala oti mulembe resolv.conf ndi manja kenaka muikhome ndi chattr +i kuti pasapezeke woisintha. Ife sitiwakonda. Kuli ngati kukhomerera chitseko ndi misomali chifukwa mphepo ikuchitsegula. Laputopu yotereyi ikapita kusukulu kapena kuofesi kumene netiweki ili ndi mayina akeake a m'kati, imasokonezeka, ndipo wodzaikonza sadziwa kuti pali msomali.

Latsala funso limene si la mafayilo: tizifunsa ndani? Pali makina a kampani imene imatigulitsa intaneti, amene amabwera okha. Palinso otchuka a kunja: 8.8.8.8 ya Google, imene inayamba mu 2009, ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare, ya mu 2018. Achinyamata ambiri amathamangira akunjawa ngati kuti chilichonse chakutali n'chabwino. Nthawi zina amathandizadi. Koma Malawi alibe nyanja yamchere, ndipo intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nafe kuti ikafike ku zingwe za pansi pa nyanja. Mu Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka, mayiko a kummawa kwa Africa, kuphatikizapo lathu, anavutika masiku angapo. Tsiku ngati limenelo funso lopita kunja kwa malire limachedwa kapena kutayika, ngakhale tsamba limene mukufuna likhale ku Lilongwe. Maganizo athu ndi akuti mthenga wapafupi akhale woyamba ngati akuyankha bwino, wakutali akhale wodikirira.

Tisaiwalenso kuti wofunsidwa njira amadziwa kumene ukupita. Wakabaza salowa nawe m'nyumba, koma amadziwa khomo limene unatsikira, ndi ola lake. Mafunso a DNS a masiku onse amayenda osabisika, choncho mwini mthenga, ndi ena a m'njira, angaone mayina onse amene kompyuta yafunsa ngakhale sangawerenge za m'masambamo. Choopsa kwambiri ndi mthenga wabodza. Munthu woipa akasintha mzere umodzi pa rauta kapena m'fayilo ya hosts, mungalembe dzina la banki molondola n'kufika pa tsamba lofanana nalo, lopangidwira kukolola manambala achinsinsi. Msakatuli akachenjeza kuti chiphaso cha tsamba sichikugwirizana ndi dzina lake, musadumphe chenjezolo. Ndipo kompyuta kapena rauta ikabwera kuchokera kwa wokonza, ngakhale wodalirika, si mwano kutsegula ndi kuona amene wasiyidwa pasiteji.

Makolo a m'komiti anatifunsapo ngati pali njira yotsekera masamba olaula pa makina amene ana a pulayimale amagwiritsanso ntchito. Ilipo: 1.1.1.3 ndi mthenga wa Cloudflare amene amakana kuloza masamba otere pamodzi ndi ofalitsa mavairasi. Tinaiika, koma tinawauzanso makolowo kuti ndi mpanda wa bango. Umaletsa mbuzi yongodutsa, ndipo mnyamata wa Fomu 3 wotsimikiza mtima amaudumpha.

Pali masiku enanso amene vuto silikhala lathu. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasowa kwa maola pafupifupi 6 padziko lonse, chifukwa makina osunga mayina a kampaniyo anasiya kufikirika. Madzulo amenewo anthu ambiri anazimitsa ndi kuyatsa mafoni awo kambirimbiri. Panalibe fayilo iliyonse kuno imene ikanathandiza. Dzina limodzi likakana koma ena onse akuyankha, yesani pa foni ya mnzanu musanakhudze kanthu.

Fayilo ya hosts ija taitsutsa kwambiri, koma ili ndi ntchito imodzi imene timaiyamikira. M'chipinda chathu muli kompyuta imene imasunga mapepala a mayeso akale ndi mabuku, ndi ina yolumikizidwa ku makina osindikizira. Zonsezi tinazipatsa manambala osasintha, ndipo popeza sizisamuka popanda ife kudziwa, kakalata ka m'thumba kamakwanira. Pa kompyuta iliyonse tinalemba mizere iwiri: yosunga mapepala tinaitcha mlambe, yosindikiza tinaitcha chiromo. Bandulo ikatha, kapena mvula ikagwetsa netiweki, wophunzira amalemba mlambe mumsakatuli ndipo mapepala a masamu amatseguka.