Tsabola wa m'kabotolo ndi mphepo ya kunyanja

Amayi anzanga a ku Kande, makamaka inu amene mumalawirira kukadali mdima kukapikula usipa kunyanja, ambiri mwakhala mukundifunsa za pepper spray. Ndiyankhe pano.

M'kabotolo kaja muli capsaicin, chomwe chija chimawawitsa kambuzi. Akamuthira munthu kumaso, maso amatsekeka okha, amatsokomola n'kumabanika, nthawi zambiri kwa mphindi 15 mpaka 45. Imeneyo ndi nthawi yothawa mukukuwa. Musaime kuti mulimbane naye.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi mphepo yathuyi. Mwera ukamawomba, Juni mpaka Ogasiti, mukapopera moyang'anana nawo tsabola yense amabwerera kumaso kwanu, ngakhalenso kwa mwana amene mwabereka kumbuyo. Ndiye pogula sankhani kothira molunjika ngati madzi a m'jakisoni, kusiyana ndi kofuka ngati Doom. Onaninso deti lake lothera mphamvu. Poyenda kakhale m'manja, chifukwa pansi pa dengu la nsomba mudzakafuna mochedwa. Kunyumba musakasiye padzuwa, pafupi ndi moto, kapena pomwe ana angafikire.

Akakulowani m'maso musatikite, musapake mafuta. Tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Khanda kapena munthu wa mphumu thamangirani naye kuchipatala.

Ngati kabotolo sikanathandize ndipo munthuyo wakugwirirani, wolakwa ndi iyeyo. Musayambe mwasamba kapena kuchapa zovala. Fikani kuchipatala cha Kande kapena cha Chintheche pasanathe maola 72, mukalandire PEP wokutetezani ku HIV ndi mankhwala oletsa mimba.