Ulendo wa ku Namugongo, ndi Zimene Tidaona pa Kamwokya



Akristu okondedwa, makolo ndi ana omwe, mudatiperekeza ndi mapemphero anu pamene tinkanyamuka kunka ku Uganda ku chaka cha Amartiri, tsono nkoyenera kuti tikusimbireni zimene tidaona. Sitidatenge nsalu kapena mchere woti tigawire nyumba iliyonse, koma tabwera ndi nkhani yonena za ana athu ndi nthenda ya Edzi. Muiwerenge madzulo mutatha kudya, anyamata ndi atsikana ali pomwepo.

Tidanyamuka ku Lilongwe pa basi kumapeto kwa Meyi, chimanga chitalowa m'nkhokwe, chisanu chitayamba. Tidadzera ku Mzuzu, tidatsika phiri la Chiweta nyanja ikuonekera m'munsi, tidapyola Karonga, ndipo tidaoloka mtsinje wa Songwe kulowa m'dziko la Tanzania. Dziko limenelo nlalikulu ndithu. Mbeya, Iringa, Dodoma, Singida ndi Kahama tidangoiona pa zenera, miyendo itatupa, amai akutsogolera Kolona kuti tulo tisatigwire tonse. Potsiriza tidafika pa Mutukula, pamene pali malire a Tanzania ndi Uganda.

Kuchokera pa Mutukula mseu umadzera ku Kyotera kunka ku Masaka, ndipo mlendo amadabwa ndi kubiriwira kwa dzikolo. Nyumba iliyonse yabisala m'nthochi, pakuti nsima ya anthu akumeneko ndi nthochi zophika zimene amazitcha matoke. Koma mphunzitsi wa katekisimu amene adatichingamira pa malire adatiuza kuti tiyang'anitsitse pansi pa nthochizo. Tidayang'ana, ndipo tidaona manda, chifukwa iwo amaika maliro pa munda wa pakhomo. Dera limeneli ndilo linkatchedwa Rakai lonse, ndipo chakum'mawa kwake, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria, kuli dooko la asodzi lotchedwa Kasensero. Kumeneko ndiko nthenda ya Edzi idayamba kuzindikirika mu Uganda m'chaka cha 1982. Anthu adaitcha silimu chifukwa idali kuondetsa munthu, monga ife tidaitcha kaliwondewonde itapezeka kwathu mu 1985. Poyamba adati ndi ufiti, monga tidanenanso ife. Idatenga amuna ndi akazi a msinkhu wogwira khasu, nisiya agogo ndi adzukulu okhaokha. M'basi mudati zii, pakuti panalibe mmodzi mwa ife amene sadaikepo mbale wake ndi nthenda yomweyo.

Tsiku lomwelo tidafika ku Kampala, mzinda womangidwa pa mapiri, wodzaza ndi njinga zamoto zonyamula anthu. Namugongo ali chakumpoto cha kum'mawa kwa mzindawo. Tchalitchi chake nchozungulira, denga lake losongoka ngati nyumba ya makolo athu, ndipo chili ndi nsanamira 22 za mkuwa, kukumbutsa Amartiri 22 a Eklezia Katolika amene Papa Paul VI adawalemba m'gulu la oyera pa 18 Okutobala 1964. Kumunsi kwake kuli dziwe, ndipo Misa ya pa 3 Juni imachitikira pa nsanja ya pakati pa madziwo, khamu litazinga mbali zonse. Tidaona anthu amene adayenda pansi masabata athunthu kuchokera ku Kenya, ku Tanzania ndi ku Congo, mapazi atatupa, koma akuimba.

Guwa la tchalitchicho lili pa malo pamene adatenthera Charles Lwanga Woyera. Mbiri yake mumaidziwa, koma pali mbali ina imene ine sindidaiganizepo bwino mpaka nditagwada pamenepo. Ansembe a White Fathers, a chipani chomwe chija chidadzatsegula Mua mu 1902, adafika ku Uganda mu 1879. Koma ansembewo sankagona ku bwalo la mfumu Mwanga. Anyamata otumikira ku bwaloko ankaphunzitsana okhaokha, wodziwa pemphero limodzi akuphunzitsa mnzake. Mfumu itapha mkulu wao Joseph Mukasa Balikuddembe pa 15 Novembala 1885, Lwanga ndiye adatsala akuyang'anira anzake, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20. Mfumu inkafuna kuchita zonyansa ndi anyamatawo, ndipo Lwanga ankawabisa ndi kuwalimbitsa mtima kuti akane, ngakhale woitanayo adali mwini dziko. Mu Meyi 1886, ataona kuti imfa yayandikira, adabatiza usiku anzake amene adali asanabatizidwe, mmodzi mwa iwo Kizito, wamng'ono mwa onse, wa zaka ngati 14. Adawatentha pa 3 Juni 1886, tsiku la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye. Mu 1934 Papa Pius XI adaika Lwanga kuti akhale nkhoswe ya achinyamata a mu Afrika.

Onani tsono: Kizito adamva liwu lomukaniza choipa kuchokera kwa mnyamata mnzake amene ankagona naye nyumba imodzi, wodziwa mantha ake chifukwa iyenso adali nawo.

Chaka chitatha, mphunzitsi uja adatitenga ena mwa ife kunka ku Kamwokya, kuti tikaone kuti ntchito yophunzitsana achinyamata okhaokha sidathere pa moto wa ku Namugongo. Kamwokya ndi dera la anthu osauka mkati mwa Kampala, pafupi ndi phiri la Kololo pamene pali nyumba za olemera. Nyumba zake nzothinana, njira nzopapatiza, ngalande zamadzi oipa zikudutsa pakhomo. Kumeneko kudagwira ntchito Sisitere Miriam Duggan wa ku Ireland, amene adali dokotala pa chipatala cha Nsambya. Odwala Edzi atachuluka kopambana mabedi, adayamba kuwasamalira m'nyumba mwao mothandizana ndi Akristu a m'miphakati. Masiku amenewo, cha m'ma 1992, mwa amai oyembekezera 10 alionse oyezedwa m'zipatala zazikulu za mu Kampala, pafupifupi 3 ankapezeka ndi kachilombo. Sisitereyo adaona kuti kusamala odwala kokha kuli ngati kukapa madzi m'bwato lobooka, ndipo mu 1993 adayambitsa bungwe la Youth Alive, loti achinyamata aziphunzitsa achinyamata anzao. Bungwelo lidafalikira ku maiko ena, monga kwa anansi athu a ku Zambia.

Tidakhala pa benchi kumbuyo kwa kanyumba kena pamene achinyamata a parishi adasonkhana. Wotsogolera adali mtsikana, ndipo mkulu aliyense adapemphedwa kuti akhale chete. Kaphunzitsidwe kao nkosiyana ndi ka m'kalasi. Amayenda ndi mafunso atatu. Loyamba, moyo wathu uli bwanji lero, ndipo nchiyani chikutigwetsa? Lachiwiri, tikufuna kuti ukhale wotani? Lachitatu, tichite chiyani kuyambira mawa, ndipo atithandize ndani? Pa funso loyamba adatchula okha zinthu zimene mwana sangatchule pamaso pa atate ake: mowa, kusowa fizi, kunyozedwa ndi anzako ukakhala wopanda chibwenzi, zithunzi zolaula za pa foni, ndi amuna aakulu amene amayamba ndi kugulira mtsikana sopo ndi nsapato. Kenaka adachita sewero la mtsikana wolandira mphatso kwa mwamuna wotere. Litafika pakati, wotsogolera adaliimitsa, nafunsa omvera kuti mtsikanayo ayankhe chiyani. Aliyense woyankha ankapita kutsogolo kukanena mau akewo pamaso pa wosewera uja, mpaka mau okana atazolowereka pakamwa. Ndidazindikira pamenepo kuti kukana kumafunika kukuphunzira, monga kulima kapena kuluka mphasa.

Adaphunzitsananso za nthendayo mosabisa. Kachilombo ka HIV kamakhala m'magazi, mu umuna, mu ukazi ndi mu mkaka wa m'mawere. Kamalowa mwa munthu makamaka pogonana, kapena kuchoka kwa mai kunka kwa mwana pa mimba, pobereka ndi poyamwitsa, kapena pobwerekana lumo ndi singano zokhudza magazi. Sikadzera mwa udzudzu, m'mbale yodyera pamodzi, kapena popatsana moni. Munthu angakhale nako zaka zambiri akuoneka wonenepa, motero maso sayeza. Choyeza ndi chipatala chokha. Mankhwala a ma ARV sachotsa kachilombo, koma amakagonetsa, ndipo munthu womwa tsiku ndi tsiku mpaka kachilombo kataleka kuoneka poyeza sapatsira mkazi kapena mwamuna wake. Mtsikana akagwiriridwa, athamange naye ku chipatala maola 72 asanathe, chifukwa alipo mankhwala otchinga kachilombo kasanakhazikike. Ndipo pa zonsezi adabwerera ku chiphunzitso cha Eklezia, chakuti wosakwatira adziletse ndipo wokwatira akhulupirike. Makolo ao ankanena m'zaka za m'ma 1980 kuti munthu akhale ngati chiweto chomangirira pa chikhomo, chimene chimadya msipu wa pomwepo.

Pomaliza adaimirira mnyamata wina, nanena poyera kuti adabadwa ndi kachilombo, kuti amamwa mankhwala, ndipo akuphunzira ukalipentala. Palibe adaseka kapena kusuntha pa benchi. Kulankhula poyera kotereku kuli ndi mbiri yake ku Uganda. Woimba wotchuka Philly Lutaaya adaulula mu 1989 kuti akudwala Edzi, nayendera masukulu ndi matchalitchi kuchenjeza achinyamata mpaka adamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Ndipo pa 28 Novembala 2015, Papa Francis atakumana ndi achinyamata pa Kololo, mmodzi mwa amene adasimba za moyo wao pamaso pake adali mtsikana wobadwa ndi kachilombo. Lero mwa anthu aakulu 100 alionse a ku Uganda, amene ali ndi kachilombo ndi ngati 5. Zifukwa zake nzambiri, ndipo boma, zipatala, mipingo ndi Asilamu onse adagwirapo. Koma chachikulu chimene eni dziko amatchula ndi chakuti adaleka kubisa.

Ndili pa benchi paja mtima udandiweruza. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 16, ndipo sindidalankhulepo naye za zimenezi ngakhale kamodzi. Mwa mwambo wathu, tate sanena zotere kwa mwana wake wamkazi, ndipo mai amachita manyazi ndi mwana wake wamwamuna. Kale idali ntchito ya anamkungwi, agogo ndi atsibweni. Koma lero ana ambiri ali ku sukulu zogonera konko kapena ku tauni, kutali ndi agogo. Nanga akumva kwa yani? Akumva kwa anzao ndithu, ku chitsime, ku mpira ndi pa foni. Mnzake wa mwana wanu ndiye mphunzitsi wake, mufune musafune. Chimene tingachite ife makolo ndi kuonetsetsa kuti mphunzitsi ameneyo adziwe zoona.

Kwathu kuno ntchito yotere siyachilendo. M'masukulu ambiri mudakhazikitsidwa magulu a Edzi Toto, ndipo m'zipatala zina achinyamata omwa ma ARV amasonkhana paokha kuti alimbikitsane. Boma lidayamba kupereka mankhwalawa ulere mu 2004, ndipo mu 2011 Malawi adatsogolera maiko ena poyamba kupatsa mai aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo mankhwala a moyo wonse, kotero kuti ana ambiri akubadwa opanda kachilombo. Komabe kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 adapeza kuti mwa anthu aakulu 100 alionse, pafupifupi 9 ali nako, ndipo atsikana amakatenga kopambana anyamata a msinkhu wao. Nkhondo sinathe, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tikupemphani zinthu izi, inu makolo ndi akuluakulu a mphakati. Achinyamata akapempha malo osonkhanira pa tchalitchi, apatseni, ndipo musawaimirire pa zenera. Asankhe okha owatsogolera, mnyamata ndi mtsikana a makhalidwe abwino, ndipo muitane namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti ayambe waphunzitsa atsogoleriwo, pakuti wakhungu satsogolera mnzake, ndipo safunsa adadya phula. Mwana akabwera ndi sopo kapena foni imene simudagule ndinu, funsani kumene yachokera, ndipo musadye nawo. Mwambo uliwonse wouza namwali kuti agone ndi mwamuna atatuluka ku chinamwali muukane poyera. Otomerana apite kukayezetsa magazi asanalembetse ukwati. Ndipo mwana womwa mankhwala, wanu kapena wa mnzanu, musamusale, musamupatulire mbale. Mumukumbutse nthawi yomwera, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Inunso anyamata ndi atsikana, musadikire kuti mukule. Lwanga sadali wansembe, ndipo Kizito adali wa msinkhu wa ana a Sitandade 8. Mnzanu amene akuterereka adzamvera inu msanga kuposa mmene angamvere ife a imvi.

Tidabwerera njira yomwe ija, ndipo podutsanso pa manda a m'nthochi aja tidapempherera akufa onse, a kumeneko ndi a kwathu. Nditafika pakhomo ndidauza mai wa ana anga zonsezi, ndipo Lamulungu lotsatira mwana wathu adapita kukalembetsa ku gulu la achinyamata ndi chilolezo chathu tonse awiri.

Charles Lwanga Woyera, Kizito Woyera, ndi inu nonse Amartiri a ku Uganda, mupempherere ana athu. Mulungu adalitse mabanja anu onse.